Tiyi wa Lachitatu kwa a Bhupendra

Kuseri kwa sitolo ya zitsulo ya a Bhupendra, ku Old Town, kuli kachipinda konunkha girisi ndi tiyi wa masala. Muli tebulo lakale, mwendo wake umodzi wochirikizidwa ndi njerwa, mipando itatu yosafanana, ndi zenera loyang'ana pabwalo pomwe masilinda a mpweya amaima ndandanda. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Lachitatu lililonse teni ikangokwana, anthu atatu ankakhala m'kachipindaka n'kumamwa tiyi. Wodutsa panja akanati ndi miseche ya anthu osowa chochita. Koma patebulo lija pankakambidwa za anthu makumi anayi amene mapapo awo anatopa, anthu oti silinda ikauma pambali pa bedi, nawonso ulendo wakwana.

Atatuwa sanali a kampani imodzi, ndipo panalibe bwana wa mnzake. Mayi Esnati, namwino wa imvi zam'mbali, ankaimira Tipume, kabungwe ka ofesi yake ku City Centre kamene kamabwereketsa masilinda a okosijeni kwa odwala ogonera kunyumba. Iwo ndiwo ankadziwa wodwala aliyense, ndi khomo lake lomwe. A Bhupendra, obadwira mu Old Town momwemo, oti Chichewa chawo mukachimva kuseri kwa chitseko simungawaganizire kuti ndi mmwenye, ndiwo anali ndi makina odzazira masilindawo. Wachitatu anali Che Daudi, mwini kampani ya mtengatenga. Dzina la kampaniyo linali lalitali ndithu, lodzaza chitseko chonse cha galimoto, koma galimoto yake inali imodzi yokha, pikapu yoyera yotha utoto.

Zokamba zawo sizinali zakuya. Mayi Esnati ankati, "Wa ku Kawale uja wayamba kukoka msanga, mumuike patsogolo." A Bhupendra n'kuti, "Mawa magetsi kulibe, ndiye ndidzaza lero lomwe masana." Che Daudi n'kupukusa kapu yawo, n'kunena kuti basi ayambira ku Kawaleko, kwinako azikathera. Tiyi asanazizire, sabata yonse yakhala m'malo mwake. Kuseri kwa chitseko cha kachipindako kunkaimanso masilinda awiri odzaza, osalembedwa dzina la munthu. A Bhupendra ankawatchula kuti alonda. Ntchito yawo inali kungoima, kudikira tsiku loti zinthu zasokonekera.

Mwa odwala onsewo panali mmodzi amene atatuwa ankamutenga ngati mbale wawo. Che Sumaila anali telala, ndipo anasoka pakhonde la sitolo yomweyi zaka makumi atatu, mpaka chifuwa chachikulu chinawasiyira mapapo ngati nsanza. Tsopano ankakhala ku Area 10 ndi mwana wawo Kulusumu, amene ankaphikira banja lina kumeneko, m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Manja a telala sazolowera kukhala chabe. Che Sumaila anatenga zidutswa za nsalu n'kusokera silinda yawo jekete, la kolala ndi mabatani atatu kutsogolo. Che Daudi akabwera Lachisanu kudzasintha, nkhalambayo inkavula silinda yopita n'kuveka yobwera.

"Uyu ndi mkazi wanga wamng'ono," ankatero akuwefuka. "Sayankhula, salalata, amangondiuzira mpweya. Ndikamusiya wamaliseche anthu anena chiyani?"

Ndiye kunabwera Mayankho Mlauzi, mkulu watsopano wa Tipume. Ndisamunamizire munthuyu. Sanali wakuba, sanali waulesi, ndipo ku ofesi ankafika mlonda asanamalize kusesa. Matenda ake anali amodzi: chimene sichioneka pakompyuta, kwa iye kulibe. Anabwera ndi pulogalamu ya pafoni yoti aliyense azilembamo mbali yake. Namwino alembe wodwala, wodzaza alembe kuti wadzaza, wonyamula alembe kuti wapereka, ndipo pakompyuta ya ku City Centre wodwala aliyense azioneka ngati kadontho, kobiriwira zikakhala bwino, kofiira zikavuta. Anthu onse anangoitchula kuti sisitimu.

Ku tiyi wa Lachitatu anapitako kamodzi. Anakana mpando, anakana kapu, anaima pafupi ndi zenera akuyang'ana wotchi.

"Mayi, ndifunseko," anatero kwa Mayi Esnati atatuwo atamaliza. "Zimene mwagwirizanazi mwazilemba pati?"

"Sitilemba, bwana. Timamvana."

"Nanga inu mutadwala mawa? Anthu makumi anayi aja adzafunsa ndani?"

Funsolo linali labwino. Vuto la Mayankho silinali kufunsa zopusa ayi. Ankafunsa zanzeru, koma akapambana pafunso limodzi ankayesa kuti wapambana pa onse.

A Bhupendra anaika kapu pansi. "Bwana Mlauzi, sisitimu yanu ibwere, palibe akuikana. Koma Lachitatu lisiyeni. Ntchito iyi siyikhazikika. Lero magetsi, mawa mafuta, mkuja wodwala wasintha. Ine ndikafuna kusintha kwanga, awa amayenera kumva ndisanasinthe, chifukwa ndikagwedeza kuno, kwawoko kumagwa mbale."

"Mukasintha muzilemba mu sisitimu."

"Polemba kuti magetsi kulibe ndi pati? Ndayang'ana, sindikupaona."

"Tidzawonjezera," anatero Mayankho. Kenako maso ake anagwa pa masilinda awiri a kuseri kwa chitseko aja. "Nanga awa akudikira chiyani?"

"Tsoka," anayankha Che Daudi.

"Ku ofesi ndili ndi mayina khumi ndi awiri a anthu ofuna mpweya lero, osati tsiku la tsoka. Ine sindingagone ndikudziwa kuti masilinda odzaza akungoima kuseri kwa chitseko."

Apanso munthu ukanamutsutsa bwanji? Sabata yomweyo alonda aja anapita kwa odwala awiri atsopano, ndipo mabanja awiri anathokoza Mulungu. Sisitimu nayo inayamba kutuma Mayi Esnati kwa odwala Lachitatu m'mawa. Lachitatu loyamba a Bhupendra anamwa tiyi ndi Che Daudi awiriwiri. Lachitatu lotsatira foni inatuma Che Daudi kwina, ndipo a Bhupendra anamwa okha. Kenako m'kachipinda muja anayamba kusungiramo zitini za penti.

Mwezi wotsatira Mayi Esnati anachita zomwe anazolowera. Wodwala wina atavutika, anaimbira a Bhupendra ndi Che Daudi mwachindunji, silinda n'kupita tsiku lomwelo. Koma pakompyuta manambala anasemphana, ndipo Mayankho anatha tsiku lonse akusaka silinda imene inali isanasowe. M'mawa mwake Mayi Esnati anapeza kalata patebulo pawo, yowachenjeza kuti akadzalambalalanso sisitimu, nkhani idzapita ku bodi ya Tipume. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, woti m'moyo mwake sanalandirepo kalata yotere, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama. Zinawapweteka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzanja lawo linkalemera likafika pa nambala ya a Bhupendra.

Miyezi iwiri inadutsa madontho onse ali obiriwira. Mayankho anayamba kuyenda mwa chifuwa. Anaitanidwa kuti Lachisanu lina akaonetse sisitimu yake ku hotelo ina ku City Centre, pamaso pa akuluakulu ochokera ku Capital Hill ndi azungu a mabungwe othandiza. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo, mafuta a galimoto atasowa mumzinda monse.

Lachiwiri la sabata imeneyo Mayi Esnati anapeza Che Sumaila milomo itatuwa. Kutentha ndi fumbi zinali zitawapanikiza. Anaimbira dokotala, ndipo dokotala anati awonjezere mpweya. Mayi Esnati anapotokola kampopi, nkhalamba n'kuyamba kupuma bwino, kenako anakhala pansi n'kuwerenga masiku ndi zala. Silinda imatha masiku asanu ndi anayi, ndipo imasinthidwa pa masiku asanu ndi awiri. Koma pakukoka kwatsopanoku, ya Che Sumaila inali yoti itha Lachisanu masana. Yatsopano inkayenera kufika Lachisanu lomwelo cha m'ma teni. Zinkatheka, koma mothina ngati nsapato yobwereka.

Analemba mu sisitimu. Sisitimu inayankha kuti kusinthako kukudikira chilolezo cha mkulu. Ndiye anamuimbira mkuluyo.

"Mayi, ndili pakalikiliki wa za Lachisanu," anatero Mayankho. "Ndiziona. Nanga si yatsopano ikubwera Lachisanu m'mawa?"

"Ikubwera, bwana, koma ikangochedwa..."

"Inachedwapo liti chiyambireni? Musade nkhawa."

Mayi Esnati atatuluka pageti anatulutsanso foni, n'kupeza nambala ya a Bhupendra. Anaiyang'ana kanthawi. Anakumbukira kalata ija, n'kubweza foni m'chikwama.

Lachitatu m'mawa a Bhupendra anaona ndondomeko yatsopano ya kuzima kwa magetsi. Dera lawo linali loti likhala mumdima Lachinayi ndi Lachisanu, usana wonse, ndipo jenereta inalibe dizilo ngakhale wonunkhiza. Masilinda a odwala ankadzazidwa Lachinayi. Anaganiza zowasunthira Loweruka. Polemba zimenezi mu sisitimu panali pasanawonjezedwebe, choncho anaimba ku City Centre. Nthawi inali teni koloko ndendende.

"Bwana Mlauzi, ndikufuna kusintha tsiku lodzaza. Aitaneni Mayi Esnati ndi Che Daudi tikhale pansi, ngakhale mphindi khumi zokha."

Mayankho anaseka, maso ali pa zithunzi zimene ankakonzera alendo. "A Bhupendra, tiyambirenso za tiyi zija? Munandiuza nokha kuti silinda imatha masiku asanu ndi anayi. Kuchedwa tsiku limodzi sikupha munthu. Dzazani Loweruka."

Foni ya Mayi Esnati ya dzulo lake inali itamira kale pakati pa mafoni makumi awiri a sabata imeneyo. Mayankho anayang'ana pakompyuta, madontho onse obiriwira, kuphatikizapo ka Che Sumaila, popeza chilolezo chija chinali chisanaperekedwe ndipo sisitimu inkawerengabe masiku akale. A Bhupendra anatenga chikatoni, n'kulembapo ndi makala kuti masilinda a odwala Loweruka, n'kuchimangirira pageti.

Che Daudi anawerenga chikatonicho Lachinayi podutsa. Nawo anaganiza zanzeru. Ngati Lachisanu kulibe katundu, ndi tsiku labwino losaka mafuta, poti thanki inali itatsala pang'ono kuuma. Anamva kuti pamalo ena omwetsera mafuta, pamsewu wochokera ku City Centre, pabwera dizilo. Lachisanu m'mamawa analowetsa pikapu pamzere. Dzuwa litafika pamutu dizilo asanabwere, anakhoma zitseko, n'kuuyamba wapansi kupita ku mzikiti kukaswali Juma. Pakhomo la mzikiti anavula nsapato n'kuzimitsa foni, monga amachitira Lachisanu lililonse.

Taonani, palibe mwa anthuwa amene anachita chamisala. Aliyense anasintha kwake, mwanzeru, ndi chifukwa chomveka. Chimene chinasowa ndi tebulo lija basi.

Ku Area 10, Kulusumu anayamba kutchera khutu kugeti teni itangokwana. Abwana ake ndi adona anali atapita kunja kwa dziko, galimoto zawo zokhomeredwa m'galaja. Ileveni inakwana, hutala wa Che Daudi osamveka. Anapita kugeti kawiri kukafunsa mlonda. Pobwera kachiwiri anayang'ana kasingano koonetsa mpweya wotsala, n'kupeza kalowa pofiira.

"Ababa, mukumva bwanji?"

"Mkaziyu wayamba kunong'ona," anatero Che Sumaila. "Daudi abwera. Sanatikhumudwitsepo."

Kulusumu anaimbira Che Daudi, foni yozima. Anaimbira ku ofesi, palibe woyankha, onse anali ku hotelo. Anaimbira Mayi Esnati, amene anali kwa wodwala ku Kawale. Apa mayi aja kalata sanaikumbukirenso. Anaimba kwa a Bhupendra.

"Mayi, simunamve? Ndidzaza mawa."

"Ya Che Sumaila ikutha panopa. Dokotala anawonjezera mpweya Lachiwiri."

Mawu a a Bhupendra anamveka ngati a munthu wina. "Ndilibe ngakhale imodzi, mayi. Alonda aja anapita. Magetsi kulibe. Galimoto yanga ili pamzere ku Biwi chiyambire dzana."

Ambulansi anaiitana, n'kuuzidwa kuti ili kutali ndi wodwala wina. Mataxi atatu amene Kulusumu ankawadziwa onse anali pamizere ya mafuta. Galimoto yokhayo ya mafuta imene Mayi Esnati anaiganizira inali ya ku ofesi, ndipo makiyi ake anali m'thumba la munthu amene foni yake inali chete. Anakwera kabaza wa njinga yamoto, yunifolomu yoyera ija n'kusanduka yofiira ndi fumbi.

M'chipinda cha hotelo munali mozizira bwino. Mayankho anali kutsogolo, mu suti yatsopano, kumbuyo kwake chinsalu chachikulu chodzaza madontho obiriwira makumi anayi ndi awiri. Anali akufotokoza kuti masiku ano palibenso chifukwa choti anthu azitaya nthawi pamisonkhano. Mayi Esnati anadutsa pakati pa matebulo osapereka moni kwa aliyense. Anafika pachinsalu paja n'kuloza kadontho kamodzi ndi chala.

"Aka ndi Che Sumaila," anatero motsitsa mawu. "Mpweya wawathera. Tiyeni ndi galimoto."

Mayankho anayang'ana kadonthoko, n'kuyang'ana mayiwo. Pakamwa panatseguka, ndipo ndikhulupirira ankafuna kunena kuti koma pakuonetsa zobiriwira. Koma mafoni awiri aja, ya Lachiwiri ndi ya Lachitatu, anakumana m'mutu mwake nthawi yomweyo, ndipo nkhope yake inagwa. Anasiya kompyuta ili choyaka n'kuthamanga.

Anawapeza Che Sumaila atakhala pakhomo pa kanyumba kaja, atawerama, manja pamaondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Kachipangizo kopumira kanali kadakali pamphuno koma silinda inali itasiya kulira. Kulusumu ankawakupiza ndi chivundikiro cha poto. Mayankho anagwada kuti awanyamule, ndipo anadabwa kupepuka kwawo. Nkhalamba ija inakweza maso, n'kugwira mkono wa suti yake ndi zala ziwiri, monga amagwirira matelala.

"Mkonowu," anatero, n'kudikira mpweya. "Anautalikitsa."

Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza.

Kuchokera ku Area 10 kukafika kuchipatala si mtunda. Tsiku labwino munthu sumaliza n'komwe nyimbo zitatu pawailesi. Koma dizilo uja anali atangofika kumene, ndipo mzere wa mafuta unali utafufuma n'kudya msewu wonse, malole, maminibasi, anthu a zigubu, aliyense akufuna kulowera kutsogolo kwa mnzake. Mayankho anaimba hutala, anayatsa magetsi, anatulutsa mutu pazenera akupempha, anakwera m'mbali mwa msewu momwe mumayenda anthu. Akudutsa choncho anaona pikapu yoyera ili pamzere, yokhoma, dzina lalitali lija lili pachitseko. Kumbuyo, Mayi Esnati ankayankhula ndi Che Sumaila mosalekeza, kenako anasiya. Mayankho sanafune kuyang'ana pagalasi. Anapitiriza kuimba hutala mpaka anamva dzanja paphewa pake.

"Bwana," anatero Kulusumu. "Musathamangenso."

Anawaika m'manda Loweruka m'mawa. Amayi anatsala pakhomo, amuna n'kunyamula jeneza, chithatha cha maliro, mosinthana mapewa. Che Daudi sanalole kusinthidwa, ananyamula njira yonse, misozi ikutsika mpaka m'ndevu. A Bhupendra anaima chapatali pang'ono, manja kumbuyo, ndipo Mayankho anaima pafupi nawo chifukwa analibenso pena poima. M'mawa umenewo magetsi anali atabwera ku Old Town, ndipo antchito a kusitolo anali akudzaza masilinda monga chikatoni chinanenera. Shehe atangomaliza pemphero la dua, anthu akuthira dothi, foni ya Mayankho ndi ya Che Daudi zinalira pamodzi. Mayankho anaisuzumira mobisa. Sisitimu inali kudziwitsa kuti silinda ya Sumaila yakonzeka, ikaperekedwe.

Lachitatu lotsatira Mayankho anaitana yekha msonkhano. Zitini za penti anazitulutsa panja. Mipando inali itatu, ndiye iye anaima pazenera pomwe paja. A Bhupendra anathira tiyi, koma palibe anakhudza kapu. Aliyense ananena zimene ankadziwa, ndi tsiku limene anazidziwa.

"Lachitatu lija magetsi analipo mpaka madzulo," anatero a Bhupendra. "Kudzaza silinda imodzi sikutha ola. Ndikanangomva."

"Mafuta okafika ku Area 10 n'kubwerera ndinali nawo," anatero Che Daudi. "Ngakhale akanandithera, ndikanaikweza pa kabaza."

Mayi Esnati anatsegula chikwama, n'kutulutsa kalata ija, n'kuiika patebulo. "Ine ndinaopa pepala ili kuposa mmene ndinaopera imfa ya munthu. Zimenezo ndi zanga, ndidzafa nazo."

Mayankho, mwa chizolowezi, anayang'ana wotchi. Nkhani yonse, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, inawatengera mphindi zisanu ndi ziwiri.

Che Daudi anatuluka, n'kubwerera akugubuduza silinda yopanda kanthu, jekete lake lili pathupi, mabatani onse atatu omanga. Kumbuyo kwawo kunali Kulusumu, atafunda mpango wakuda kumutu. Anali atapempha yekha kuti abwere nawo. A Bhupendra anamupatsa mpando wawo, iye anakana.

"Sindinabwere kudzaimba munthu mlandu," anatero. "Mwini mpweya ndi Mulungu, ndipo tsiku la ababa linalembedwa. Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Ndani ankadziwa kuti Lachisanu silinda sibwera?"

"Ine," anatero a Bhupendra. Che Daudi nawo anagwedeza mutu.

"Nanga ndani ankadziwa kuti ya ababa ithera Lachisanu?"

"Ine, mwanawe," anatero Mayi Esnati.

"Amene ankadziwa zonse ziwiri analipo?"

Panja wina anagwetsa sipanala. Mayankho akanatha kukhala chete, ndipo palibe akanamuloza. Akanathanso kunena kuti sisitimu siinaonetse. Koma ndanena kale kuti munthuyu sanali woipa.

"Ndine, mayi," anatero. "Onse awiri anandiuza ine."

Kulusumu anamuyang'ana. Sanalire, sanatukwane, ndipo zikanakhala bwino akanatukwana.

"Mukanangondiuza ine, bwana," anatero. "Ine wophika chabe. Ndikanawatenga Lachinayi, silinda ikadali ndi mpweya, n'kupita nawo kuchipatala pang'onopang'ono, tikucheza m'njira."

Anawerama, n'kukonza kolala ya jekete lija pomwe inapindika, n'kutuluka. Jeketelo analisiya.

Masiku ano mukapita kwa a Bhupendra Lachitatu cha m'ma teni mudzapeza mipando inayi. Sisitimu ikadalipo, ndipo polemba za magetsi ndi mafuta anawonjezerapo, ntchito ya tsiku limodzi lokha. Palibe amasintha tsiku, njira kapena kampopi ka wodwala anzake asanamve ndi makutu awo. Mayankho safika mochedwa, ndipo wotchi amaisiya m'galimoto. Suti ija sanaivalenso. Alonda awiri anabwerera kuseri kwa chitseko, mmodzi wavala jekete la zidutswa, ndipo Mayankho amakhala pampando woti azimupenya mlondayo. Zonse zili m'malo mwake, zonse n'zanzeru. Koma ku Area 10, Lachisanu likafika, kuli mayi amene amatcherabe khutu kugeti nthawi ya teni, kenako n'kukumbukira, n'kubwerera ku mapoto ake.

Inu amene ntchito yanu imadutsa m'manja mwa anthu a makomo ena, muzikhala nawo pansi kukadali bata. Moto ukabuka kutchire, nkhanga iliyonse imathawira kwake, ndipo yofooka ndiyo imapsa. Akale sananame: nkhanga zidapangana kusanapse.